Makhadi a mpira a chaka cha 2024: mmene ntchito ikuyendera

18 Januwale 2025

Ndayamba kulemba zimenezi kuti ndizikumbukira chifukwa chimene ndagulira khadi lililonse, pakuti ntchito imene ndadzipatsayi itenga zaka zambiri ndipo mutu wa munthu suchedwa kutaya zinthu. Mwana wathu wamkazi anabadwa sabata yachiwiri ya Julayi 2024 kuno ku Leicester, ndipo cholinga changa n'chakuti ndimusonkhanitsire makhadi a osewera mpira wamiyendo amene ndidzamupatse akadzakwanitsa zaka 18, m'chaka cha 2042. Tagwirizana ndi mayi ake kuti ndisamapitirire mapaundi 20 pamwezi, komanso kuti ndalamazi zisakhudze akaunti imene tinamutsegulira yosungiramo za sukulu.

Ndili mwana ku Kasungu ndinkadula zithunzi za osewera m'nyuzipepala zakale zimene ogulitsa zitumbuwa ankakulungiramo malonda awo, n'kumazimata ndi nsima m'kope la masamu limene linali litadzaza kale. Zithunzi zambiri zinali ndi madontho a mafuta pankhope. Kopelo linadyedwa ndi chiswe ine ndili ku sekondale, ndipo mpaka lero ndimalikumbuka kuposa mabuku ena amene ndinakhozera mayeso. Nditafika kuno ndinapeza kuti zimene ndinkachita mwamasewerazo ndi malonda aakulu. Kampani ya Panini ya ku Modena, ku Italy, inayamba ntchitoyi mu 1961 ndipo inatulutsa buku lake loyamba lomatamo zithunzi za World Cup mu 1970, pamene Topps ya ku America inali itayamba kale makhadi a baseball zaka zambiri m'mbuyomo.

Pakadali pano maganizo anga ndi akuti ndizigula makhadi oyamba a osewera achichepere, amene ogulitsa amawatcha rookie, ndi chiyembekezo chakuti mmodzi mwa iwo adzakhala katswiri ndipo khadi lake lidzakwera mtengo.

9 Febuluwale 2025

Ndalama za mwezi uno zathera pa mapaketi khumi amene ndinagula m'sitolo ndikuchokera ku ntchito ya usiku. Ndinawatsegulira pa tebulo la kukhitchini anthu onse ali mtulo, mtima ukugunda ngati wa mwana amene wapatsidwa phukusi la Khirisimasi, ndipo pomaliza ndinatsala ndi mulu wa makhadi wamba mmene goloboyi mmodzi yemweyo anatulukamo katatu. Vuto silinali la makhadiwo. Anapangidwira ana oti azisinthana pabwalo la sukulu, ndipo ntchito imeneyo amaigwira bwino. Ine ndi amene ndinawasenzetsa katundu amene si wawo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga mbiri ya makhadi amene anagulidwa pa mitengo yododometsa, kuti ndimvetse chimene chinawakweza. Mu Ogasiti 2022, khadi la Topps la 1952 la Mickey Mantle, wosewera baseball wa New York Yankees, linagulidwa pa okushoni ya Heritage pa madola 12.6 miliyoni. Mwezi womwewo khadi la Honus Wagner, wosewera baseball wakale, limene linkaikidwa m'mapaketi a ndudu pakati pa 1909 ndi 1911, linagulidwa pa madola 7.25 miliyoni. Ku mpira wamiyendo, khadi la Pelé la 1958, limene kampani ya Alifabolaget ya ku Sweden inasindikiza iye ali ndi zaka 17, linafika madola 1.33 miliyoni mu 2022. Munthu akamva ziwerengero zimenezi amafulumira kuganiza kuti chinsinsi ndi kutchuka kwa wosewera, koma kutchukako ndi theka chabe la nkhani. Khadi la Wagner linasiya kusindikizidwa msanga, ndipo amene akudziwika kuti alipo lero sakwana 100. La Mantle linali m'gulu la makhadi amene anatuluka nyengo ya masewero ili kumapeto ndipo sanayende malonda, moti Sy Berger, mkulu wa ku Topps, ankasimba yekha kuti mabokosi otsala anakawataya m'nyanja. Amene anafika m'manja mwa ana ankapindidwa m'matumba, kumangidwa ndi mphira, kapena kulowetsedwa m'masipokosi a njinga kuti izilira ngati njinga yamoto, ndipo otsalawo makolo anawasesera kudzala ana atakula. Makhadiwa anakwera mtengo chifukwa palibe amene ankaganiza zowasunga.

Zosiyana ndi zimenezi zinachitika ku America kuyambira cha m'ma 1987 mpaka 1994. Anthu atamva kuti makhadi akale akugulidwa modula, anayamba kugula mabokosi athunthu n'kumawasunga osatsegula, makampani nawo anasindikiza mopanda malire, ndipo zotsatira zake n'zakuti makhadi ambiri a nthawi imeneyo lero ndi otchipa kwambiri ngakhale asungidwa mwaukhondo zaka zoposa 30. Ndikaona mmene anthu a masiku ano akuthamangira kuika khadi lililonse m'pulasitiki likangotuluka m'paketi, ndikuona kuti tili pafupi ndi 1990 kusiyana ndi 1952. Khadi limene aliyense akulisamala silidzasowa pamsika.

2 Malichi 2025

Dongosolo lasintha, ndipo amene walisintha si ine. Lamlungu lapitali ndinkaonetsa mayi a mwana mndandanda wa anyamata asanu ndi atatu a zaka zosakwana 20 amene ndinkafuna kugula makhadi awo. Iwo anaupenyetsetsa mndandandawo, kenako anati: “Bambo ake mwana, kodi mukukonza mphatso kapena mukubetcha? Ngati mukufuna phindu, ndalamazo onjezerani ku akaunti ija. Mtsikana wa zaka 18 mudzamuuza chiyani za mnyamata amene inuyo simunamuonepo akusewera ngakhale kamodzi?” Ndinayesa kudziteteza ponena kuti mmodzi yekha akadzatchuka adzabweza ndalama za onsewo, koma anangondikumbutsa mawu amene bambo anga ankakonda, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Kunena zoona, mbiri ili kumbali yawo. Mu 2004 Freddy Adu anasaina ndi D.C. United ali ndi zaka 14 zokha, anthu n'kumamuyerekeza ndi Pelé, ndipo ambiri anathamangira makhadi ake. Anasewera mpira zaka zambiri m'matimu oposa 10 a m'mayiko osiyanasiyana, koma sanafike pamene anthu anamuloserapo. Khadi loyamba la Messi la Panini la 2004/05 likufunidwa kwambiri lero, koma m'mapaketi a nyengo yomweyo munalinso anyamata ena ambiri amene mayina awo palibe akuwatchula, ndipo pa nthawiyo wogula sakanatha kulumbira kuti ndi uti amene adzakhale Messi.

Lamulo latsopano ndi ili: khadi lililonse liyenera kukhala la wosewera amene anachita chinthu chodziwika m'chaka cha 2024, chimene ine ndingathe kufotokozera mwanayo m'ziganizo zitatu popanda kufufuza pa intaneti. Ndizigula khadi limodzilimodzi, lenilenilo limene ndikulifuna, osatinso mapaketi. Chiwerengero chonse chikhale 18, chifukwa tsamba limodzi la failo yosungiramo makhadi limakhala ndi matumba 9 ndipo masamba awiri ndi amene munthu angawaone onse pamodzi akatsegula failoyo. Ngati limodzi mwa makhadiwa lidzakwere mtengo, zidzakhala zamwayi, koma sindikuziwerengeranso.

30 Malichi 2025

Makhadi asanu oyamba afika. Alipo a Rodri, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa Euro 2024, mpikisano wa matimu a mayiko a ku Ulaya, n'kulandiranso Ballon d'Or, mphotho ya wosewera wopambana pa dziko lonse, mu Okutobala. Phil Foden, chifukwa Manchester City inatenga ligi ya England kachinayi motsatizana mu Meyi, chinthu chimene timu ina iliyonse inali isanachitepo. Vinícius Júnior, amene anagoletsa chigoli chachiwiri pamene Real Madrid inagonjetsa Borussia Dortmund 2-0 m'ndime yomaliza ya Champions League pa Wembley pa 1 Juni. Ndi Aitana Bonmatí, amene anatsegula zigoli pamene Barcelona inagonjetsa Lyon 2-0 m'ndime yomaliza ya Champions League ya amayi ku Bilbao pa 25 Meyi.

Lachisanu ndi la Sébastien Haller, ndipo ndi limene landivuta kwambiri. Ndinkafuna lomuonetsa atavala yunifolomu ya Côte d'Ivoire, pakuti ndi mmene anagoletsera chigoli chopambanira pa 11 Febuluwale 2024 ku Abidjan, pamene dziko lake linagonjetsa Nigeria 2-1 m'ndime yomaliza ya chikho cha Africa, patangotha chaka chimodzi ndi theka kuchokera pamene anapezeka ndi khansa. Limene ndapeza likumuonetsa ali mu yunifolomu yachikasu ya Dortmund, ndipo ndalilandira choncho. Apa ndi pamene ndaphunzirira kuti wosonkhanitsa makhadi sasankha momasuka, amasankha pakati pa zimene zilolezo za makampani zalola. Makhadi a Premier League a nyengo ya 2023/24 ndi a Panini, a Champions League ndi a Topps, ndipo pa Euro 2024, pamene UEFA, imene imayendetsa mpira ku Ulaya, inapereka chilolezo kwa Topps Panini itagwira ntchitoyo kuyambira 1980, matimu ena monga England ndi France anatuluka opanda yunifolomu zawo zenizeni chifukwa ufulu wa zimenezo unali udakali kwina.

27 Epulo 2025

Mwezi uno wonse wapita pofunafuna makhadi a Temwa ndi Tabitha Chawinga, ndipo ndikuchita manyazi kuti mayina amenewa sanali pa mndandanda wanga woyamba uja. Ndinkasakasaka akatswiri a mawa m'matimu a achinyamata a ku Ulaya, pamene atsikana awiri apachibale ochokera ku Rumphi anali atachita kale m'chaka chomwecho zinthu zimene wosewera wa ku Malawi anali asanachitepo. Tabitha anamaliza nyengo ya 2023/24 ali patsogolo pa ogoletsa onse mu ligi ya amayi ya ku France ndi zigoli 19, akusewerera Paris Saint-Germain, asanapite ku Lyon, ndipo chaka cham'mbuyomo anali atachitanso chimodzimodzi ku Italy ndi Inter Milan. Temwa anafika ku Kansas City Current kumayambiriro kwa 2024, anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ya NWSL, n'kuphwanya mbiri ya zigoli 18 imene Sam Kerr anaika mu 2019, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa ligi yonse.

La Tabitha silinandivute kwenikweni, chifukwa Topps imatulutsa makhadi a Champions League ya amayi ndipo ogulitsa a kuno ku Ulaya amakhala nawo. La Temwa la 2024 ndi la kampani yaing'ono ya Parkside, imene inkasindikiza makhadi a NWSL, ndipo onse amene ndinawapeza anali kwa ogulitsa a ku America. Khadilo palokha silinali lodula, koma nditaphatikiza mtengo wotumizira ndi msonkho wa VAT wa 20 peresenti, ndalama zinaposa kuwirikiza kawiri. Pofuna kuti ulendo umodzi unyamule zambiri, ndinagula kwa wogulitsa yemweyo khadi la Barbra Banda wa ku Zambia, amene anagoletsa chigoli chokhacho pamene Orlando Pride inagonjetsa Washington Spirit m'ndime yomaliza ya NWSL mu Novembala 2024, ndipo kenako anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana mu Africa.

Ndinaima kanthawi pa funso la mtundu wa khadi. Wosewera mmodzi amatha kukhala ndi khadi wamba, komanso ena a chithunzi chomwecho koma a utoto wonyezimira, osindikizidwa ochepa ndipo olembedwa nambala ngati 23/99, kutanthauza kuti ndi la nambala 23 mwa makhadi 99 okha. Kwa osewera ena onse ndasankha khadi wamba. Kwa Temwa ndi Tabitha ndaganiza kuti ndikadzapeza la nambala kapena losainidwa ndi dzanja lawo pa mtengo umene ndingaukwanitse, ndidzasunga ndalama za miyezi iwiri kapena itatu kuti ndiligule, osati chifukwa ndikuyembekezera phindu, koma chifukwa pa makhadi 18 onsewa, awiriwa ndi amene mwanayo adzawayang'ane n'kudziwa kuti anthuwa anakulira m'dziko limene agogo ake akukhala.

25 Meyi 2025

Khadi la Ademola Lookman lafika lowonongeka. Ndinalifuna chifukwa cha zigoli zake zitatu pamene Atalanta inagonjetsa Bayer Leverkusen 3-0 m'ndime yomaliza ya Europa League ku Dublin pa 22 Meyi 2024, ulendo wokhawo umene Leverkusen inagonja nyengo yonseyo. Wogulitsa, amene ndi munthu wamba, analiika pakati pa tizidutswa tiwiri ta katoni n'kumangirira ndi selotepu, popanda kathumba kalikonse, ndipo khadilo linaseleleka m'njira mpaka ngodya imodzi inatulukira kunja. Ngodyayo yafufuma ndipo ikuonetsa zoyera za mkati mwa pepala. Munthuyo wandibwezera ndalama popanda kulimbalimba, koma phunziro ndalitenga: ndisanalipire ndizipempha chithunzi cha kumbuyo kwa khadi ndi cha ngodya zonse zinayi, ndiponso ndizifunsa mmene adzalilongedzere.

Ngoziyi yandichititsa kuphunzira za kugireda makhadi. Pali makampani monga PSA, imene inayamba mu 1991, komanso Beckett ndi SGC, amene amalandira khadi, kutsimikiza kuti si lachinyengo, kulipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 10, n'kulitsekera m'kabokosi kolimba ka pulasitiki. Amayang'ana zinthu zinayi: ngati chithunzi chakhala pakati penipeni, kuthwa kwa ngodya, kusalala kwa m'mphepete, ndi pamwamba pake ngati pali zokanda kapena mizere ya makina osindikizira. Ndikuwerenga zimenezi ndinaona bambo anga atakhala pa mphasa m'shedi, akutola tsamba la fodya limodzilimodzi, kulitambasula, kuliyang'ana chakudzuwa, kulisisita ndi chala chachikulu, n'kuliponya pa mulu wake malinga ndi mtundu, kutalika ndi kung'ambika kwake, chifukwa ankadziwa kuti ku okushoni ya ku Kanengo masamba ochepa oipa akhoza kugwetsa mtengo wa belo lonse. Usiku womwewo ndinatenga tochi ya foni n'kuunika makhadi anga mopendeketsa, ndipo pa la Vinícius ndinapeza kamzere kopyapyala kodutsa paphewa kamene sindinakaone masabata asanu ndi atatu onsewa.

Sinditumiza makhadiwa kukagiredwa. Kwa khadi wamba, ndalama zogiredetsa ndi zotumizira zimaposa mtengo wa khadilo, ndipo giredi imathandiza munthu amene akufuna kugulitsa kwa mlendo amene sangathe kuligwira ndi manja. Lokhalo limene ndingadzagule lili logiredwa kale ndi la mtengo wokwera, pamene chiopsezo cha makhadi achinyengo chimakhala chenicheni.

17 Ogasiti 2025

Kwa miyezi pafupifupi itatu sindinalembe chifukwa panalibe zambiri. La Lookman lalowedwa m'malo ndi lina labwinobwino, ndipo awonjezeka a Erling Haaland, Florian Wirtz, Granit Xhaka ndi Mikel Oyarzabal, amene anagoletsa chigoli chimene chinapatsa Spain chikho cha Euro pa 14 Julayi 2024 ku Berlin, mwanayo ali ndi masiku ochepa chabe. Nyengo ino makhadi a Premier League abwerera kwa Topps, imene tsopano ili m'manja mwa kampani ya Fanatics kuyambira 2022, Panini itawagwira zaka zisanu ndi chimodzi. Ena akuti zimenezi zikweza mtengo wa makhadi omaliza a Panini, koma ine nkhaniyi yangondidutsa, popeza chaka changa n'chimodzi ndipo chinatha kale.

26 Okutobala 2025

Kuzizira kwayamba, ndipo kwaulula vuto limene sindinaliganizire. Failo ija ndinkaisunga pamwamba pa wadiropu imene yatsamira khoma lakunja, ndipo nditaitsitsa sabata yatha ndinapeza khomalo lachita timadontho ta nkhungu, makhadi awiri wamba a nkhope yonyezimira nawo apindika pang'ono ngati tsamba louma. Makhadi a mtundu umenewu amakhala ndi nkhope yokutidwa ndi pulasitiki koma kumbuyo kwake ndi pepala, ndiye chinyezi chikasintha, mbali ziwirizi sizifufuma mofanana. Ndachotsa onse m'failo. Lililonse tsopano lili m'kathumba kofewa kopanda PVC, kathumbako kalowa m'chikuto cholimba chimene amachitcha toploader, ndipo zonse zaimikidwa m'bokosi lotseka bwino limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Bokosilo lili m'kabati ya pakati pa nyumba, kutali ndi zenera chifukwa dzuwa limasulutsa utoto, kutalinso ndi chotenthetsera m'nyumba. Failoyo idzagwira ntchito tsiku lopereka mphatso lokha.

Pofika lero makhadi alipo 15, kuphatikizapo la Marta wa ku Brazil limene asankha mayi a mwana, chifukwa mu 2024 anasewera masewero a Olympics kachisanu ndi chimodzi n'kutenganso chikho ndi Orlando Pride ali ndi zaka 38, ndi la Nico Williams. Ndalama zimene zatuluka ndi mapaundi 163 mwa 200 a miyezi khumi imeneyi, kuwerengera ndi mapaketi a Febuluwale aja. Malo awiri ndawasungira makhadi apadera a Temwa ndi Tabitha, ndipo lachitatu ndi la Lamine Yamal, amene pa 9 Julayi 2024 anagoletsa France m'semifainolo ya Euro 2024 ali ndi zaka 16, n'kukhala wosewera wamng'ono kwambiri kugoletsapo chigoli pa mpikisanowo. Khadi lake likukwanira bwino pa lamulo langa, koma ndi limenenso dziko lonse likulisunga, choncho ndadziikira malire a mapaundi 25 pa khadi wamba lomuonetsa mu yunifolomu ya Spain, ndipo ndikhoza kudikira ngakhale zaka zitatu, pakuti 2042 idakali kutali.

Ntchito ya mwezi wamawa si yogula. Ndiyamba kulemba timapepala tofotokoza khadi lililonse, ziganizo zitatu zija, m'Chichewa, ndi pensulo chifukwa inki ina imasuluka kapena kulowerera. Mayi ake akuti ndilembenso m'Chingerezi kuseri kwake poopa kuti mwana wokulira ku Leicester adzavutika kuwerenga, ndipo nkhani imeneyo sitinaimalize. Ndiyambira pa kapepala ka Haller, chifukwa ndi kamene kakufunika kufotokoza chifukwa chimene munthu wovala yunifolomu ya Dortmund waimira chikho cha Africa.